Class 70 ndi wosaoneka bwino, inde, koma kodi okonda sitima amaweruza chiyani?

Funso: Ndakhala ndikutsatira zokamba za anthu okonda sitima za pamtunda ku Britain, aja amaima m'masiteshoni n'kumajambula zithunzi ndi kulemba manambala. Mutu wa dizilo wokoka katundu wa Class 70 utafika, ambiri anaunyoza. Ati nkhope yake ndi yonyansa, kulira kwake n'kosakoma, ndipo sungafanane ndi mitu yakale. Ndaona kuti Class 66 nawonso amaunyoza. Kodi anthuwa amadziwadi zomwe akunena, kapena ndi kukakamira zakale chabe? Nanga mutu watsopano umadziwika bwanji kuti ndi wabwino?

Yankho: Zikomo bambo pa funso lanu. Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo anthuwa, chifukwa ambiri amangowaseka. Munthu amene waima kumapeto kwa pulatifomu ku Barnetby, m'chigawo cha Lincolnshire, kuyambira m'mamawa, kope lili m'manja, kamera pakhosi, mphepo ikumuomba, amaona zinthu zomwe ena okhala m'maofesi a njanji amazimva mochedwa. Amadziwa kuti mutu wakutiwakuti wasowa pa njanji kwa miyezi. Amadziwa kuti wina wayamba kufuka utsi wakuda, komanso kuti sitima yomwe kale inkakokedwa ndi mutu umodzi masiku ano akuimangira iwiri. Pa zimene aona ndi maso, akhulupirireni. Koma chigamulo chawo cha chaka choyamba muzichitenga mosamala, chifukwa kawirikawiri chimakhala chodandaula mutu womwe ukuchotsedwa ntchito, ngakhale pakamwa akutchula womwe wangobwera.

Nkhani ya Class 70 singamveke popanda ya Class 66, ndipo ya 66 inayambira pa miyala. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya Foster Yeoman, yomwe inkaphwanya miyala ku Merehead m'chigawo cha Somerset n'kumaitumiza ku London pa njanji, inatopa ndi mitu ya British Rail, kampani ya boma ya njanji, yomwe inkafa panjira pafupipafupi. Inaitanitsa mitu yakeyake inayi kwa General Motors ku America, ndipo inafika mu 1986 n'kutchedwa Class 59. Mutu umodzi unkakoka sitima zomwe kale zinkafuna iwiri, ndipo unkadzuka tsiku ndi tsiku. Patapita zaka khumi, boma litagulitsa njanji kwa anthu wamba, Ed Burkhardt wa kampani ya Wisconsin Central anagula gawo lalikulu la ntchito yonyamula katundu n'kupanga kampani ya EWS. Anapeza mitu yamitundumitundu, yambiri yokalamba, mtundu uliwonse wofuna masipeya ake ndi amakanika ake. Mu 1996 anaitanitsa mitu 250 ya mtundu umodzi, yomangidwa pa thupi la Class 59, kuchokera ku fakitale ya ku London wa ku Ontario, m'dziko la Canada. Woyamba, 66001, unatsika m'sitima ya pamadzi pa doko la Immingham mu April 1998, ndipo pofika 2000 yonse inali italowa.

Taganizani mmene zinakhalira kwa munthu wa kope uja. Kale akaima pamlatho sankadziwa chimene chitulukire pakona. Mwina Class 37 ya kampani ya English Electric, yomwe inamangidwa 309 pakati pa 1960 ndi 1965, ya mphuno yaitali ndi mawu obangula omveka kutali, ija amaitcha Tractor. Mwina Class 47, yomwe inalipo 512. Mwina Class 56, mwina 58, mwina 31. Pa zaka ziwiri zokha zonsezi zinayamba kuzimiririka, ndipo m'malo mwake kunabwera chinthu chimodzimodzi chofiira, lero chomwecho, mawa chomwecho. Anachipatsa dzina loti Shed, ati denga lake likufanana ndi la kashedi kosungiramo makasu kuseri kwa nyumba, ndipo ena okwiya kwambiri ankachitcha Red Death, kutanthauza imfa yofiira. Palibe mwa iwo amene ankanena kuti mutuwo sukoka. Mlandu wake unali woti wapha anzake.

Makolo awo anachitanso zomwezo. Sitima za malasha ndi nthunzi zitatha pa njanji zikuluzikulu za British Rail mu August 1968, okonda sitima ambiri anataya makope awo, ati dizilo ndi mabokosi opanda moyo. Mabokosi amenewo ndi Class 37 ndi 47 zomwe ana awo anadzalira mu 1998. Munthu amakonda mutu umene anaudziwa ali mnyamata, ndipo umene wauchotsa amausungira mangawa, kaya ndi wabwino bwanji.

Koma si zonse zimene ananena zinali za mtima chabe, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi owaseka. Class 58, mitu 50 yomangidwa ku Doncaster pakati pa 1983 ndi 1987, inali itachotsedwa yonse pa ntchito ku Britain pofika 2002, ina isanakwane n'komwe zaka 20. Pa msinkhu wa mutu wa sitima umenewo ndi unyamata. Okonda sitima anati uku n'kuwononga, ndipo umboni wake ndi wakuti yambiri inakagwira ntchito yomanga njanji ku Spain ndi ku France, ina n'kukakoka katundu ku Netherlands. Ananenanso kuti 66 singachite zonse zimene Class 60 imachita. Class 60 ndi mitu 100 yomwe kampani ya Brush inamanga ku Loughborough kuyambira 1989 mpaka 1993, yoyenda pang'onopang'ono, mamailosi 60 pa ola basi, koma yokoka ngati njovu. Yambiri inaimikidwa, komabe sitima zolemetsetsa za mafuta zochokera kumbali ya Immingham kupita ku Kingsbury zinapitiriza kuifuna, mpaka eni ake anatulutsa ndalama kukonzanso ina kuyambira cha mu 2011. Pamenepa anthu a pamlatho anaona patali.

Chimene sakanachiona kuchokera pamlathopo ndi za m'kati mwa kanyumba ka dalaivala. Pamene iwo ankakangana za denga ndi utoto, oyendetsa 66 ankadandaula zina: phokoso, kunjenjemera, mipando yosakhalika bwino, ndi kutentha m'nyengo yadzuwa popeza munalibe makina oziziritsira mpweya. Mu 2007 bungwe la madalaivala la ASLEF linafika poopseza kuti mamembala ake asiya kuiyendetsa m'chilimwe ngati zinthu sizisintha. Ndiye mukamva mawu oti mutu uwu ndi woipa, muyambe mwafunsa kuti akulankhula ndani. Wojambula amafuna nkhope ndi mawu. Dalaivala amafuna kutsika madzulo makutu asakulira. Makanika amafuna kufikira chowonongeka popanda kumasula theka la injini. Mwini kampani amawerenga mitu imene yadzuka m'mawa uno pa yonse imene akuilipirira.

Tsopano Class 70. Freightliner, yomwe imanyamula makontena kuchokera m'madoko a Felixstowe ndi Southampton komanso katundu wolemera ngati miyala ndi simenti, inagwirizana ndi General Electric mu 2007 kuti aipangire mutu wamphamvu kuposa 66 koma wosamwa mafuta ambiri. Iwiri yoyamba inamangidwa ku Erie, m'boma la Pennsylvania, ndipo inafika pa doko la Newport ku Wales mu November 2009. Zithunzi zitangotuluka, kunali kuseka. Thupi lake ndi lopyapyala pakati, tinyumba ta dalaivala kumapeto konse kuwiri n'totambalala, ndipo kumaso kwake kuli timakona ndi nyali zoikidwa ngati maso a chinthu chodabwa. Maina ambiri amene anaupatsa anali onena za kunyansa. Ineyo sindiwatsutsa. Si mutu woti munthu angapachike chithunzi chake pakhoma chifukwa cha kukongola.

Komatu nkhope imeneyo ili ndi zifukwa zake. Njanji za ku Britain zinamangidwa kale kwambiri, milatho yake ndi yaifupi, njira zodutsa pansi pa mapiri ndi zopapatiza, mapulatifomu ali pafupi ndi njanji. Mutu wa ku America sungalowe mmenemo momwe ulili. Akatswiri amayenera kupanikiza injini, jenereta, zoziziritsira ndi zamagetsi m'thupi laling'ono, kulemera konse kusapitirire pafupifupi matani 129 pa mawilo 12. Kutsogolo kuyenera kukwaniritsa malamulo oteteza dalaivala pa ngozi. Thupi lopyapyala lija lili ndi zitseko m'mbali kuti makanika afike pa injini ataima panja. Mukaphatikiza zonsezi, wojambula maonekedwe amatsala ndi malo ochepa kwambiri oti aonetsepo luso. Madalaivala nawo anafunsidwa maganizo pokonza kanyumba kawo, ndipo anaikamo choziziritsira mpweya chomwe ankachilira mu 66.

Za kulira kwake n'zosavuta kufotokoza. Injini ya 66 ndi EMD 710 ya masilinda 12, ndipo silinda iliyonse imaphulika pa kuzungulira kulikonse. Imazungulira pang'onopang'ono, cha m'ma 900 pa mphindi ikatsegulidwa yonse, ndipo ikaima ili ndi kayimbidwe kake kobwerezabwereza komwe okonda sitima amakatsanzira kuti "ying-ying-ying". Ya Class 70 ndi ya masilinda 16, yochokera ku mtundu wa injini za Jenbacher za ku Austria, imaphulika kamodzi pa kuzungulira kuwiri, ndipo imathamanga kufika 1,500 pa mphindi. Injini yothamanga choncho siingabangule ngati Class 37. Malamulo a utsi ndi phokoso nawonso salolanso. Kubangula kumene anthu amakulira, pamodzi ndi mtambo wakuda umene umawakomera pa chithunzi, kwa mwini mutu ndi dizilo amene wapita m'mwamba osagwira ntchito, ndipo kwa okhala pafupi ndi njanji ndi tulo tosokonezeka.

Pa mphamvu, 70 imaposa. Injini yake imatulutsa pafupifupi 3,700 horsepower pamene ya 66 ili cha m'ma 3,300. Koma pa sitima ya katundu nambala yofunika kwambiri ndi mphamvu yokokera poyambira, ndipo apa 66 wamba ili ndi 409 kN (kN ndi muyeso wa mphamvu yokokerayo) pamene 70 imapitirira 530 kN. Kuti mumvetse tanthauzo lake, muone sitima ya miyala ya matani 2,000 itaimitsidwa ndi chizindikiro chofiira pachitunda, mvula ikuwaza, masamba atagwera pa njanji. Gudumu lililonse limakhudza njanji pa kamalo kosaposa ndalama yachitsulo, ndipo mphamvu yonse iyenera kudutsa pa timalo 12 timeneti. Dalaivala akumasula mabuleki, akutsegula mphamvu pang'ono. Zolumikizira mabogi zikukokeka chimodzichimodzi, kulira kwake kukuthamangira kumbuyo kwa sitima. Mchenga ukupopedwa kutsogolo kwa mawilo. Pa mutu wakale, mawilo awiri akangoterera, mphamvu imadulidwa, sitima n'kugwedezeka, mwina n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, dalaivala n'kuyambiranso. Class 59 inabweretsa nzeru yolola mawilo kuzungulira mofulumirirapo pang'ono kuposa liwiro lenileni la sitima, chifukwa pamenepo mpomwe chitsulo chimagwirana kwambiri ndi chinzake. Class 70 inapita patsogolo ndi mamota ozunguza mawilo oyendera magetsi a AC, aja osinthasintha kolowera, pomwe kompyuta imayang'anira mota iliyonse payokha: mawilo awiri akayamba kuterera, amachepetsedwa okhawo, ena khumi akupitiriza kukoka. Mamota a AC alibenso timakala tija timatha n'kumafuna kusinthidwa mu mamota a 66 oyendera magetsi a DC, aja olowera mbali imodzi, ndipo amapirira kukoka mwamphamvu pa liwiro lochepa kwa nthawi yaitali osapsa. Woima pamlatho amangoona sitima yanyamuka bwinobwino. Palibe chojambula pamenepo, n'chifukwa chake sizitamandidwa.

Mwina mukuganiza kuti mutu wamphamvu chonchi unagulidwa ngati mchere. Ayi. Zaka zake zoyamba zinali zamavuto. Mu January 2011, 70012 unagwa pamene ankautsitsa m'sitima ya pamadzi ku Newport, unapindika, n'kubwezedwa ku America usanakokepo bogi ndi imodzi yomwe. Limenelo ndi tsoka chabe, koma panalinso mitu ingapo yomwe inagwira moto ili pa ntchito, monga 70018 ku Micheldever mu 2012, ndipo panafunika kusintha zina ndi zina. Pa 20 imene anaimangira, Freightliner inatsala ndi 19. Kampani ina, Colas Rail, inatenga 17, ndipo umodzi mwa imeneyi unalumikizidwa ku Turkey ndi kampani ya Tülomsaş. Basi, yonse pamodzi ndi 37 kuphatikizapo wogwa uja, pamene ma 66 omangidwira Britain anapitirira 400, ndipo ena anagulidwa ku Germany, Netherlands, Belgium, Norway, mpaka ku Egypt. Kenako ntchito yonyamula malasha kupita kumalo opangira magetsi inagwa kwambiri kuyambira 2015, makampani anapezeka ali ndi mitu yochuluka kuposa ntchito, ndipo ma 70 ena a Freightliner anakhala ataimikidwa kwa nthawi ndithu.

N'chifukwa chiyani anaimika wamphamvu n'kusiya wofooka? Yankho lili ku depoti. Class 66 amaidziwa pafupifupi dalaivala aliyense wa katundu, masipeya ake ali paliponse, makanika aliyense anaigwirapo. Ikafa ku Scotland usiku, wina wapafupi akhoza kuidzutsa. Mtundu wa mitu 19 umafuna maphunziro akeake a madalaivala ndi shelefu yakeyake ya masipeya, ndipo dalaivala amene sanauphunzire saloledwa kuuyendetsa, ngakhale sitima itaima n'kutseka njira. Mphamvu zowonjezera zija zimabweza ndalama pokhapokha sitima italikitsidwe, ndipo kutalika kwa sitima kumadalira kutalika kwa njanji zopatukira ndi malo otsitsira katundu. Ngati kumeneko kumangokwana mabogi amene 66 imakoka kale, mphamvu yotsalayo imangoyenda ulendo. Choncho amene ankanena kuti 70 siidzalanda ufumu wa 66 analondola, ngakhale chifukwa chimene ankapereka, cha nkhope, sichinali chimenecho. Pa ntchito zolemera zenizeni, monga miyala, simenti, mafuta ndi mitengo, 70 ikugwirabe ndipo ikukoka zimene inalonjeza.

Mwafunsa mmene mutu wabwino umadziwikira. Ine ndimayang'ana kaye ngati wogula woyamba wabwereranso kudzagula ina, komanso ngati opikisana naye atsatira. Kampani ikhoza kuyamikira mutu pa tsiku lousonyeza kwa atolankhani, koma oda yachiwiri sinama. Freightliner, GB Railfreight ndi Direct Rail Services onse anagula 66 ataona ya EWS, ndipo ena anabwerera kangapo. Kenako ndimayang'ana kuchuluka kwa imene ili pa njanji poyerekeza ndi imene ili m'galaja, ndipo apa makope a anthu a pamlatho aja ndi chuma, chifukwa amalemba tsiku ndi tsiku mosakondera. Ndimamvetseranso zimene madalaivala akunena pakatha nyengo yozizira iwiri kapena itatu, osati sabata yoyamba pamene utoto ukadanunkhira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pafupifupi mtundu uliwonse watsopano umavuta poyamba. Class 60 yomwe lero amaitamanda inachedwa kulandiridwa chifukwa cha zolakwika zambiri, ndipo ma Class 56 oyamba 30, omangidwa ku Romania mu 1976 ndi 1977, anafunika kukonzedwanso asanayambe ntchito bwinobwino.

Chinthu china chimene chimandisangalatsa ndi chakuti kuchepa kumene kunalepheretsa 70 pa malonda n'komwe kwaipatsa abwenzi. Wojambula amene waona ma 66 khumi motsatizana amadzuka pampando 70 ikatulukira. Ndipo 66 nayo nthawi yaikomera. Malamulo atsopano a utsi a ku Ulaya atatseka njira yomangira ina, womaliza, 66779, unaperekedwa kwa GB Railfreight mu 2016. Anaupaka utoto wobiriwira wa British Railways n'kuutcha Evening Star, dzina la mutu womaliza wa nthunzi womwe British Railways inamanga mu 1960, ndipo anauonetsa ku National Railway Museum ku York. Shed yomweyo inkatukwanidwa mu 1998. Lero pali akuluakulu omwe anakula akumva "ying-ying" usiku, ndipo kwa iwo kumeneko ndiye kulira kwa sitima. Makampani nawo anazindikira kuti anthuwa ndi owalengezera malonda aulere, n'chifukwa chake ma 66 ambiri akupakidwa utoto wosiyanasiyana, wina wa makampani omwe anatha kalekale.

Mkangano wokoma kwambiri wa posachedwapa ndi wa Class 69. Posowa kogula 66 zatsopano, GB Railfreight inatenga ma Class 56 okalamba n'kuwapereka kwa kampani ya Progress Rail ku Longport, kufupi ndi Stoke-on-Trent, kuti achotse injini ya Ruston-Paxman n'kuikamo EMD 710 ndi zamagetsi zofanana ndi za 66. Yoyamba inatuluka mu 2021. Okonda sitima anagawikana pakati. Ena anakondwa kuti thupi la Grid, monga amaitchulira 56, lapulumuka kwa odula zitsulo. Ena anati chimene ankachikonda chinali kukuwa kwa injini ija ikamakwera chitunda, ndipo popanda iko chatsala ndi Shed yovala malaya a mnzake. Palibe mbali imene inatchulapo za mafuta kapena matani.

Wotsatira pamzere ndi Class 99, mitu 30 yomwe GB Railfreight inaitanitsa kwa kampani ya Stadler mu 2022, yomangidwa ku Valencia m'dziko la Spain. Umenewu umatenga magetsi pa waya wam'mwamba pomwe waya alipo, n'kuyatsa injini ya dizilo pomwe palibe. Pa magetsi ndi wamphamvu kuposa mutu uliwonse wa dizilo m'dzikomo, koma injini yake ya dizilo ndi yaing'ono kuposa ya 66, ndipo okonda sitima ayamba kale kufunsa ngati idzakwanitsa sitima yolemera pa njanji yaitali yopanda waya. Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndi la mtundu umene muyenera kuumvetsera, chifukwa lidzayankhidwa ndi wotchi. Mukamatsatira zokamba zawo, dumphani za mphuno ndi utoto, mufufuze amene akulemba kuti sitima yakutiyakuti inali ndi mabogi angati, inadutsa nthawi yanji pachitunda chakutichakuti, ndiponso ngati kumbuyo kwa 99 kunali 66 yomangiriridwa kuti ithandize zikavuta.